SEFA YA PAMBALI: KODI IMATALIKITSA MOYO WA INJINI?

Palibe mawu owawa m'khutu mwa mwini galimoto koposa akuti, "Bwana, injini yanoka." Mawu amenewa akatuluka m'kamwa mwa makaniko, ndiye kuti galimoto ikhala pa galaja masabata kapena miyezi, ndalama zimene zinasungidwira feteleza ndi fizi ya ana zithera ku masipeyala, ndipo ngati galimotoyo ndiyo imadyetsa banja, pakhomo pagwa njala. Chimodzimodzinso mwini chigayo cha dizilo kumudzi: injini ikaima nyengo yokolola, amayi amasenza chimanga chawo napita ku chigayo china, ndipo ena mwa iwo sabweranso. N'chifukwa chake munthu akamva za chipangizo chimene akuti chimatalikitsa moyo wa injini, amatchera khutu.

Chimodzi mwa zipangizo zotere ndi sefa yachiwiri ya oilo, imene pa Chingerezi imatchedwa bypass filter, ndipo m'nkhani ino itchedwa sefa ya pambali. Oigulitsa amanena kuti imagwira zinyalala zimene sefa ya masiku onse imazilephera, kuti oilo amakhalitsa, ndiponso kuti injini imatha zaka zochuluka isanatsegulidwe. Mawuwa ali ndi choonadi, koma si choonadi chonse. Pa injini zina sefa imeneyi imabweza ndalama zake msanga, pamene pa injini zina kuigula n'kutaya ndalama chabe. Kuti munthu adziwe mbali imene injini yake ili, ayenera kuyamba wamvetsa chimene chimadya injini m'kati.

CHIMENE CHIMADYA INJINI

M'kati mwa injini muli zitsulo zimene zimatsetsereka pa zinzake kambirimbiri pa mphindi imodzi. Mapisitoni ndi maring'i ake amakwera ndi kutsika m'masilinda, ndipo kirankishafuti imazungulira m'mabering'i ake. Zitsulo zimenezi siziyenera kukhudzana. Chimene chimazilekanitsa ndi oilo wopyapyala kwambiri amene amakhala pakati pawo ngati kachikopa. Kupyapyala kumeneku kumayezedwa ndi muyeso wotchedwa maikironi. Milimita imodzi ikagawidwa magawo 1,000, gawo limodzi ndiyo maikironi. Tsitsi limodzi la munthu ndi lonenepa pafupifupi maikironi 70, ndipo diso la munthu limalephera kuona kanthu kochepera maikironi 40. Koma oilo wa pakati pa bering'i ndi kirankishafuti, injini ikamakoka katundu, amangokhala wa maikironi owerengeka, ndipo pakati pa ring'i ndi silinda nthawi zina sakwana n'komwe maikironi imodzi.

Apa ndipo pagona nkhani. Kanthu kakakulu sikangalowe m'mpata wochepa chotero, ndipo kakang'ono kwambiri kamadutsa kosakhudza chitsulo. Koopsa ndi kamene kukula kwake kukufanana ndi mpatawo, pakuti kamalowa, kamapanikizika, nikakanda mbali zonse ziwiri. Kukanda kumodzi sikuoneka, koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Pakapita zaka maring'i amatha, utsi umayamba kutuluka, oilo amachepa m'sampu, ndipo mphamvu ya injini imatsika.

Zinyalala zimenezi zimachokera kutatu. Koyamba ndi ku fumbi la m'misewu ndi m'minda, limene mbali yake yaikulu ndi mchenga wosalala, wolimba kuposa zitsulo zambiri za m'injini. Kachiwiri ndi ku zitsulo za injini yomweyo, pakuti tizitsulo timene takandika timagwera mu oilo, natinso timakanda pena. Kachitatu ndi ku mwaye wotsala mafuta akapsa, umene umachuluka makamaka m'injini za dizilo.

SEFA ZIWIRI, NTCHITO ZIWIRI

Galimoto iliyonse ya masiku ano ili ndi sefa ya oilo, imene amakaniko amaitcha fyuluta, ndipo imasinthidwa pa sevisi. Imeneyi ndiyo sefa yaikulu. Pampu imakoka oilo m'sampu nimukankha yense kudzera m'sefa imeneyi asanafike ku mabering'i. Oiloyo ndi wochuluka, malita makumi angapo pa mphindi injini ikamathamanga, motero timabowo ta sefa yaikulu sitingakhale tating'ono kwambiri. Mayi aliyense wosefa ufa amadziwa kuti sefa ya timabowo tating'ono imatulutsa ufa wosalala, koma imachedwa. Injini siingadikire. Mabering'i akasowa oilo kwa kamphindi chabe, amapsa. Pa chifukwa chimenechi masefa aakulu ambiri amagwira bwino zinyalala zoyambira pa maikironi 20 mpaka 40 kupita m'mwamba, ndipo zambiri zochepera pamenepo zimadutsa.

Sefa ya pambali imagwira ntchito mwa njira ina. Ili ngati ngalande yopatutsa madzi pa mtsinje kupita ku dimba: mtsinje umapitirira ulendo wake, ngalande imangotengako pang'ono. Kudzera pa kabowo kopanikiza, sefa imeneyi imatenga gawo limodzi mwa magawo 10 a oilo, kapena kucheperapo, nimudutsitsa pang'onopang'ono m'pepala lochindikala kapena m'thonje lotsenderedwa, kenaka nimubwezera m'sampu. Popeza oilo ameneyu sakupita ku mabering'i, palibe chomuthamangitsira, ndipo sefayo ikhoza kugwira zinyalala za maikironi 2 mpaka 5. Ngakhale imatenga oilo wochepa pa nthawi imodzi, pakutha pa ola limodzi oilo yense amakhala atadutsamo kangapo.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza anthu. M'kati mwa sefa yaikulu, kapena pamalo pamene imamangidwa, muli kavalavu kamene dzina lake ndi bypass nakonso. Ntchito yake ndi kutseguka sefa ikatsekeka ndi zinyalala, kapena oilo akalimba ndi kuzizira, kuti oilo apite ku mabering'i osasefedwa, pakuti oilo wakuda aposa kusowa oilo. Kavalavu kameneka si sefa ya pambali ayi. Wogulitsa akanena kuti fyuluta yake ili ndi bypass, kawirikawiri amanena za kavalavuka, kamene kali m'mainjini ambiri.

NZERU IMENEYI SINAYAMBE LERO

Ena amaganiza kuti sefa ya pambali ndi chinthu chatsopano, koma ndiyo inayamba. M'chaka cha 1923, ku America, Ernest Sweetland ndi George Greenhalgh anapanga sefa ya oilo ya galimoto imene anaitcha Purolator, ndipo inali ya mtundu wa pambali. Magalimoto ambiri a zaka zotsatira, kuphatikizapo Willys Jeep ya pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anali ndi sefa ya mtundu umenewu yokha. Vuto lake linali lakuti oilo wopita ku mabering'i sankasefedwa, motero kachitsulo kakakulu kakagwera m'sampu, kankatha kufika ku bering'i sefa isanakagwire. Kuyambira m'zaka za m'ma 1940 opanga magalimoto anayamba kusamukira ku sefa yaikulu yosefa oilo yense, ndipo m'chaka cha 1954 kampani ya WIX inatulutsa sefa ya chitini yomanga pozungulitsa, imene makaniko aliyense akuidziwa lero. Phunziro la mbiri imeneyi ndi lakuti sefa ya pambali ndi yothandizira sefa yaikulu, siingalowe m'malo mwake.

M'zaka za m'ma 1950, munthu wina wa ku California, John Frantz, anapanga sefa ya pambali imene m'kati mwake ankaikamo mpukutu wa pepala la kuchimbudzi, ndipo anthu ambiri anaigula. Nthawi yomweyo Volkswagen Beetle inalibe sefa ya pepala konse. Inali ndi kawaya kolukana chabe pansi pa injini, ndipo opanga ake analamula kuti oilo azisinthidwa pafupipafupi, pa makilomita 5,000 alionse. Magalimoto amenewo anayenda zaka zambiri m'misewu ya fumbi. Apa pakuoneka mfundo yofunika: kusintha oilo nakonso ndi njira yochotsera zinyalala, pakuti oilo wakale akamatuluka amatuluka nazo.

Masiku ano opanga mainjini akuluakulu a dizilo amaikiratu sefa ya pambali ku fakitale. Malole a Scania akhala ndi chipangizo chozungulira mothamanga kwambiri chimene chimaponyera zinyalala ku khoma lake, kumene zimaunjikana ngati dothi louma, ndipo makaniko amazipala pa sevisi. Injini ya Land Rover yotchedwa Td5, imene inatuluka m'chaka cha 1998, ili ndi chipangizo chofanana nacho pambali pa sefa yaikulu. Mainjini ambiri a Cummins amagwiritsa ntchito masefa a Fleetguard amene ali ndi mbali zonse ziwiri m'chitini chimodzi. Motero mwini lole asanagule kanthu, ayambe wafunsa ngati injini yake ilibe kale sefa yotere. Ndipo n'koyenera kuona kuti makampani amaika chipangizochi pa mainjini a ntchito zolemetsa, pamene pa magalimoto aang'ono a petulo sachiika.

ZIMENE OFUFUZA ANAPEZA

Kafukufuku amene ogulitsa masefa amakonda kumutchula ndi wa David Staley, katswiri wa kampani ya General Motors, amene anasindikizidwa m'chaka cha 1988. Iye anayerekeza masefa a timabowo tosiyanasiyana. Anapeza kuti poyerekeza ndi sefa ya maikironi 40, sefa ya maikironi 30 inachepetsa kutha kwa zitsulo ndi theka, ndipo ya maikironi 15 inakuchepetsa ndi magawo 70 pa 100 alionse. Izi zikutsimikiza kuti tizinyalala tosaoneka ndi maso ndi timene timadya injini, ndiponso kuti oilo woyera amateteza zitsulo.

Koma m'pofunika kudziwa mmene kafukufukuyu anachitikira. Pofuna kuti zotsatira zioneke msanga, ofufuzawo ankathira dala fumbi lochuluka mu oilo, loposa kutali limene limalowa m'injini yosamalidwa bwino. M'injini yotero sefa yabwino iyenera kuonetsa kusiyana kwakukulu. M'galimoto imene fumbi sililowa kwambiri, ndipo oilo amasinthidwa pa nthawi yake, kusiyanako kumakhala kochepa. Munthu amene angauze mnzake kuti injini yake ikhala zaka zowirikiza chifukwa cha manambala amenewa, akunena zimene kafukufukuyo sananene.

ZIMENE SEFA SIINGATHE

Oilo amakalamba m'njira zambiri, ndipo zinyalala ndi njira imodzi chabe. Dizilo kapena petulo amene sanapse amatsikira m'sampu nachepetsa kulimba kwa oilo. Kutentha kumamusintha, namusandutsa wa phalaphala. Utsi wodutsa pa maring'i umabweretsa asidi, makamaka ngati mafuta ali ndi salufa. Gasiketi ikaphulika, madzi a m'radiyeta amasakanikirana naye. Pamwamba pa zonsezi, mankhwala amene opanga oilo amathiramo kuti athetse asidi ndi kuteteza zitsulo amatha mphamvu pang'onopang'ono. Zinthu zosungunuka mu oilo zimadutsa m'sefa ina iliyonse, monga mmene mchere wosungunuka m'madzi umadutsira pa nsalu. Sefa ya pambali ya pepala kapena thonje ikhoza kumwa madzi pang'ono, koma siingachotse dizilo, siingachotse asidi, ndipo siingabwezeretse mankhwala amene atha.

Ngakhale mwaye weniweniwo ndi wovuta kuugwira. Tizidutswa take sitikwana maikironi imodzi, ndipo oilo wa dizilo ali ndi mankhwala otiletsa kugwirana. Sefa ya pambali, makamaka yozungulira ija, imachotsako mbali ina, koma oilo amada ndithu. Motero kuda kwa oilo si umboni wakuti watha, ndipo kuyera kwake si umboni wakuti akadali wabwino. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Oilo wooneka bwino pa chitsulo choyezera akhoza kukhala wodzaza ndi dizilo kapena asidi.

Njira yokha yodziwira zoona ndi kutumiza oilo wochepa m'kabotolo ku labotale yoyeza oilo, monga za kampani ya WearCheck ya ku South Africa, zimene zimatumikira migodi ndi makampani a malole. Kumeneko amayeza kulimba kwa oilo, mphamvu yotsala ya mankhwala, ndi zitsulo zimene zilimo. Ayironi wochuluka amaloza ku masilinda ndi maring'i, mtovu ndi mkuwa zimaloza ku mabering'i, ndipo silikoni kawirikawiri amasonyeza kuti fumbi likulowa penapake. Munthu wotalikitsa nthawi yosinthira oilo popanda kuyezetsa kotere akuyenda mu mdima wopanda nyali.

MASAMU A MWINI GALIMOTO

Phindu lalikulu la sefa ya pambali limaoneka pa ndalama za oilo, ndipo chitsanzo chongoyerekeza chikhoza kuonetsa kusiyana kwake. Lole yonyamula katundu pakati pa Blantyre ndi Beira, kapena pakati pa Lilongwe ndi Dar es Salaam, tinene kuti imamwa malita 35 a oilo, imayenda makilomita 120,000 pa chaka, ndipo oilo amasinthidwa pa makilomita 20,000 alionse. Ndiye kuti pa chaka amasinthidwa kasanu ndi kamodzi, malita 210. Ngati sefa ya pambali, pamodzi ndi kuyezetsa ku labotale, zingalole kuti asinthidwe pa makilomita 40,000, mwini wake apulumutsa malita 105 pa chaka, ndiponso masiku atatu amene lole ikadakhala pa galaja. Kampani ya malole 20 ikachulukitsa nambala imeneyi, chipangizocho chimadzilipira chokha msanga.

Tsono galimoto yaing'ono ya pabanja, yomwa malita 4, yoyenda makilomita 10,000 pa chaka, imene oilo wake amasinthidwa kawiri, imatha malita 8 pa chaka. Ngakhale sefa ya pambali itachepetsa ndi theka, mwini wake apulumutsa malita 4 okha. Pamenepo ayenera kulipira chipangizocho, kulipira wochimanga, kugula sefa yake yosinthira, ndi kulipira labotale. Zaka zidzatha ndalamazo zisanabwerere. Kuwonjezera apo, galimoto yoyenda maulendo afupiafupi m'tauni imaononga oilo ndi chinyezi ndiponso petulo wosapsa, zimene sefa siingazithetse, motero oiloyo ayenerabe kusinthidwa chaka chisanathe. Ndipo magalimoto aang'ono ambiri amafa ndi zina, monga ngozi, giyabokosi, dzimbiri, kapena kutentha kwa injini madzi akatha m'radiyeta, maring'i ake asanathe n'komwe.

Palinso zoopsa pa kamangidwe. Sefa ya pambali yochita kuwonjezera imafuna mapaipi awiri, wotenga oilo ndi womubweza, ndipo polumikiza paliponse ndi pamalo pamene oilo angadonthe. Paipi ikakhuzika pa chitsulo m'msewu wa mabampu, kapena ikayandikira ekizozi niphulika, pampu imataya oilo yense panja m'mphindi zowerengeka, ndipo injini imene imafuna kutetezedwa ija imanoka tsiku lomwelo. Kabowo kopanikiza kaja kakasowa, kapena kakakula, oilo wambiri amathawira ku sefa ya pambali ndipo mabering'i amasala. Pa galimoto yatsopano imene ikadali m'manja mwa ogulitsa, kuwonjezera chipangizo chimene opanga sanavomereze kukhoza kubweretsa mkangano injini ikaonongeka.

KHOMO LIMENE FUMBI LIMALOWERA

M'maboma ambiri a dziko lino misewu yochuluka ndi ya dothi, ndipo kuyambira mwezi wa August mpaka mvula yoyamba fumbi limakhala paliponse. Munthu angaganize kuti pamenepa sefa ya pambali ndiyo yankho. Koma fumbi lambiri silimayamba kulowa mu oilo. Limalowa ndi mpweya. Injini ya petulo imakoka malita a mpweya pafupifupi 9,000 pa lita imodzi iliyonse ya petulo, ndipo ya dizilo imakoka oposa pamenepo. Fumbi lodutsa pa sefa ya mpweya limafika poyamba ku masilinda ndi maring'i, nilikanda pamenepo lisanatsikire m'sampu. Pamene sefa ya oilo ikuligwira, limakhala litaononga kale. Kugula sefa ya pambali pamene sefa ya mpweya ndi yong'ambika kuli ngati kusesa m'nyumba chitseko chili chotsegula tsiku la kamvuluvulu.

Motero ndalama zoyamba zipite ku khomo limeneli. Sefa ya mpweya ikhale yeniyeni ndi yokwana bwino pamalo pake. Isamamenyetsedwe pa tayala kapena kupopedwa ndi mpweya wamphamvu, pakuti pepala lake limabooka timabowo tosaoneka. Paipi yochokera ku sefa kupita ku injini iyang'anidwe ngati ilibe ming'alu, ndipo zomangira zake zikhale zothina. Pa chigayo, pamene fumbi la ufa ndi la pabwalo zimasakanikirana, mpweya wa injini uzikokedwa kuchokera kunja kwa chipinda chogayira. Pothira oilo, fanelo ndi chigubu zikhale zoyera, pakuti mchenga wa pa fanelo yogona pansi umalowa m'injini mosadutsa pa sefa ya mpweya. Oilo agulidwe m'chigubu chomata kwa wogulitsa wodziwika, chifukwa oilo wa m'mabotolo otsegula a m'mbali mwa msewu palibe angadziwe kumene wachokera. Fyuluta yotsika mtengo modabwitsa ikayikiridwe, pakuti zina zachinyengo zimakhala ndi pepala lochepa kapena kavalavu kosagwira ntchito. Ndipo m'mawa uliwonse, galimoto isanalizidwe, dalaivala ayang'ane oilo ndi madzi.

YANKHO LA FUNSO

Sefa ya pambali imachitadi zimene inapangidwira: imachotsa tizinyalala timene sefa yaikulu imatilephera, ndipo oilo woyera amachepetsa kutha kwa zitsulo. Ndi yoyenera pa injini yaikulu ya dizilo, yomwa oilo wambiri, yogwira ntchito maola ochuluka tsiku ndi tsiku, imene mwini wake akufuna kuisunga zaka zambiri ndipo ali wokonzeka kuyezetsa oilo wake. Malole a maulendo ataliatali, mabasi, majenereta a m'zipatala ndi m'mafakitale, mathirakitala a m'maesiteti, ndi makina okonza misewu ali m'gulu limeneli, ngati alibe kale sefa yotere yochokera ku fakitale.

Kwa mwini galimoto yaing'ono, minibasi, kapena chigayo cha injini yaing'ono, ndalama zomwezo zimagwira ntchito yaikulu zikagula oilo wabwino, fyuluta yeniyeni ndi sefa ya mpweya, zonse zosinthidwa pa nthawi imene buku la injiniyo likunena, kapenanso msanga pang'ono nyengo ya fumbi. Munthu amene wachita zonsezi ndipo akufunabe kuwonjezera sefa ya pambali sakulakwa, malinga imangidwe ndi makaniko wodziwa ntchito yake, ndipo mapaipi ake aziyang'anidwa pa sevisi iliyonse. Koma asanatulutse ndalama afunse mafunso atatu: injini yake imamwa malita angati, imayenda maola angati pa chaka, ndipo fumbi likulowera pati. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.